Maloboti osandulika a m'ma 1980: abwino anali ati, nanga enieni mungawadziwe bwanji?

Funso: Ndili mwana, amalume anga omwe ankaphunzira ku Britain anandibweretsera chidole cha lole yofiira yomwe inkasandulika n'kukhala loboti. Chinatayika kalekale. Mwezi wathawu ndapeza zina zamtundu womwewo pa mulu wa zidole za kaunjika: kaminibasi kofiira komwe kakasandulika sikakhala ndi mutu, ndi kabokosi kabuluu kooneka ngati wailesi ya kaseti. Mtima wanga wabwerera ku ubwana ndipo ndikufuna kuyamba kusonkhanitsa. Kodi zidolezi zinalipo za mitundu yanji, zabwino kwambiri zinali ziti, ndipo ndingadziwe bwanji kuti zomwe ndagulazi ndi zakale zenizeni? Ndine bambo wa ana awiri, ku Lilongwe.

Yankho: Bambo, musade nkhawa ndi kaminibasiko, sikanaduke mutu. Kanatuluka m'fakitale kali choncho. Dzina lake ndi Ironhide, ndipo mukasuzumira kuseri kwa galasi lakutsogolo muona kapepala komata pa mpando kojambulidwa nkhope. Nkhope yake yonse ndi imeneyo. Kabokosi kabuluuko ndi Soundwave, ndipo lole ya amalume anu iyenera kuti inali Optimus Prime. Zitatu zonsezi ndi za gulu loyambirira la Transformers lomwe linafika m'masitolo mu 1984.

Kusowa mutu kwa Ironhide kuli ndi chifukwa chake, ndipo chifukwacho n'chomwe chimamasula nkhani yonse. Zidolezi sizinabadwire ku America monga ambiri amaganizira. Kampani ya ku Japan yotchedwa Takara ndi yomwe inazipanga, m'magulu awiri osiyana. Gulu loyamba linali Diaclone, lomwe linayamba mu 1980, ndipo mu 1982 linayamba kutulutsa magalimoto osandulika. Mu Diaclone maloboti sanali amoyo. Anali makina oyendetsedwa ndi tianthu ting'onoting'ono, totalika ngati nsonga ya chala, tokhala ndi maginito ku mapazi. Kamunthuko kankakhala pa mpando wa dalaivala, ndiye mutu wa loboti unali wosafunika. N'chifukwa chakenso magalimoto ambiri a gulu loyambali ali ndi kamalo kotseguka kokhalamo munthu, ngakhale munthuyo simungamupeze m'bokosi la Transformers. Gulu lachiwiri linali Micro Change la mu 1983, ndipo maganizo ake anali ena: zinthu zapakhomo za msinkhu wake weniweni, monga mfuti, kamera, choonera tizilombo ndi chojambulira mawu, zomwe zimabisa loboti m'kati mwake.

Anthu a kampani ya Hasbro ya ku America anaona zidolezi pa chionetsero cha ku Tokyo mu 1983, anagula chilolezo, n'kuphatikiza magulu awiriwo kukhala amodzi. Kenaka anapita kwa alembi a Marvel Comics, kampani ya mabuku a nthano za zithunzi, kuti awapekere nkhani. Jim Shooter ndi amene anayala maziko a nkhondo ya maloboti abwino otchedwa Autobots ndi oipa otchedwa Decepticons, Denny O'Neil anatcha dzina loti Optimus Prime, ndipo Bob Budiansky anapereka mayina ndi makhalidwe kwa ambiri otsalawo. Makatuni a pa kanema anayamba chaka chomwecho cha 1984, pa nthawi yomwe boma la America linali litangofewetsa malamulo oletsa kuti pulogalamu ya ana ikhale yotsatsa malonda. Tinene zoona, makatuniwo cholinga chake chinali kugulitsa zidole. Ana a ku Malawi omwe anagwirako zidolezi nthawi imeneyo ambiri sanaione nkhaniyi, poti kanema wa dziko lino anayamba mu 1999. Iwo ankaweruza chidole ndi manja awo okha, ndipo ine ndimaona kuti muyeso wabwino ndi womwewo: kodi chikakhala galimoto chikuoneka ngati galimoto yeniyeni, ndipo kodi kuchisandutsa kukukoma m'zala?

Ndi muyeso umenewo, pamwamba ndimaika magalimoto a Diaclone. Sanali magalimoto ongopeka. Jazz ndi Porsche 935 ya mpikisano, Sideswipe ndi Lamborghini Countach, Wheeljack ndi Lancia Stratos, ndipo Prowl, Bluestreak ndi Smokescreen onse ndi Datsun 280ZX, kungosiyana penti ndi tizinthu tina tochepa. Ena ndi odziwika bwino m'misewu yathu: Trailbreaker ndi Hoist ndi Toyota Hilux, ndipo Ironhide wanuyo, pamodzi ndi mnzake woyera Ratchet yemwe ndi ambulansi, ndi Nissan Vanette, kholo la timaminibasi tomwe timakwerabe mpaka lero. Aliyense amene anapindapo galimoto ya waya amadziwa kuti Hilux imadziwika ndi kaimidwe kake ngakhale ilibe chizindikiro, ndipo akatswiri a Takara anali ndi diso lomwelo. Matayala ndi a labala, mbali zina za thupi ndi zachitsulo, mawindo ndi oonekera m'kati. Mukanyamula Prowl m'manja mumamva kuzizira ndi kulemera. Kumusandutsa, mumakoka kumbuyo kwa galimoto kukhala miyendo, mumatsegula zitseko zomwe zimatsala kumsana ngati mapiko, boneti imagwera kutsogolo n'kukhala chifuwa, mutu n'kutulukira. Palibe chiwalo cha galimoto chomwe chatayidwa. Chilichonse chapeza ntchito yatsopano. Vuto lake n'lakuti denga ndi galasi la Datsun zimenezi zimathyoka msanga, moti kupeza Prowl wopanda bala ndi mwayi.

Optimus Prime ndi wa banja lomweli. Ku Japan ankatchedwa Battle Convoy. Mutu wa lole ndiye loboti: kumbuyo kwabuluu kumatambasuka kukhala miyendo, manja amatuluka m'mbali, mutu umatembenuka kuchokera m'kati mwa denga. Zibakera zake ziwiri ndi zapadera, zimalowetsedwa m'mabowo a nyali zakutsogolo, ndipo palibe chinthu chomwe chinatayika kwambiri m'nyumba za anthu kuposa tizibakera timeneti. Ngolo yake yotuwa imatseguka pakati kukhala malo okonzera magalimoto, ndipo m'katimo mumakhala kagalimoto ka matayala 6 kotchedwa Roller. Mukadzamupeza pa kaunjika adzakhala wopanda ngolo, wopanda mfuti, wopanda zibakera, mwinanso mipope ya utsi itathyoka. Mudzagulebe.

Koma mukandifunsa chimodzi chokha chomwe ndingasunge zina zonse zitapita, ndi Soundwave. Iye ndi wa Micro Change, ndipo anapangidwa kuti aoneke ngati kachojambulira mawu ka m'thumba ka masiku amenewo, komwe kankagwiritsa ntchito timakaseti ting'onoting'ono. Sayimba, alibe waya ngakhale umodzi m'kati, koma mutamuika pa tebulo munthu angathe kumunyamula kuti ayatse. Kumsana kwake kuli kopanira pa lamba, ndipo mukatsegula malo a mabatire mupeza mabatire awiri omwe kwenikweni ndi zida zake: imodzi imakhala mfuti ya m'manja, inayo imakhala pa phewa. Mukadina kabatani ka pamwamba, chitseko cha pachifuwa chimatseguka, ndipo mumalowa kaseti yomwe nayonso ndi loboti. Laserbeak ndi Buzzsaw amasanduka mbalame, Ravage amasanduka nyalugwe wakuda, Rumble ndi Frenzy amasanduka tianthu. Taganizani, kanthu kopyapyala kokwana m'thumba la malaya, mukakapinda apa ndi apo katuluka miyendo inayi, mutu ndi mchira. Luso la kapangidwe kotere silikalamba. Pa Soundwave wanuyo yambani mwaona chitseko: tizogwirira take tam'munsi ndi tomwe timathyoka, ndipo mabatire awiri aja nthawi zambiri amakhala anapita. Mukabwerera pomwe munagulapo, pindirani manja a malaya mufufuze pansi penipeni pa mulu, chifukwa timakaseti timagwera pansi ndipo wogulitsa sadziwa kuti ndi chiyani.

Mnzake wa Micro Change ndi Megatron, yemwe amasanduka mfuti ya Walther P38. Ikakhala mfuti imaoneka yeniyeni mochititsa mantha, koma loboti yake ndi yosaoneka bwino, miyendo yoonda, chokokera mfuti chitatsalira pamalo pochititsa manyazi. Malamulo a zidole za mfuti anakhwima ku America kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo Megatron pobwerera mu 1993 anali atasanduka thanki ya nkhondo. Ngati mungadzaitanitse wakaleyu kunja, dziwani kuti angakuvutitseni pa chipata cholowera m'dziko, ndipo si chidole choti mwana azithamanga nacho mumsewu. Bumblebee, kagalimoto kachikasu ka Volkswagen Beetle, nakonso n'kochokera ku Micro Change. N'kakang'ono, kosavuta, ndipo kanali kotchipa, choncho ana ambiri anayambira pamenepo.

Ndege zitatu za Starscream, Thundercracker ndi Skywarp ndi F-15 imodzimodzi yopakidwa mitundu itatu. Anthu amazikonda chifukwa cha makatuni, koma monga zidole sizindigwira mtima. Kuti musandutse muyenera kuzula mapiko, zipsepse zakumchira, tayala lakutsogolo ndi zibakera, n'kuzilowetsanso pena. Kumeneko ndi kumasula ndi kumanganso, ndipo zotsatira zake n'zoti pafupifupi zonse zomwe zatsala lero ndi zopereweza ziwalo. Ndege yabwino zedi ya nthawi imeneyo ndi Jetfire wa mu 1985, yemwe sanali wa Takara n'komwe. Anachokera ku kampani ya Takatoku, ndipo ndi ndege ya Valkyrie ya m'makatuni a ku Japan a Macross, yomwe anaijambula Shoji Kawamori. Ndi wamkulu, miyendo yake ndi yachitsulo, mfundo zake zimalira «kha, kha, kha» mukamazipinda, ndipo ali ndi maonekedwe apakati pomwe ndege imaima ndi miyendo. Tsoka lake, pulasitiki yake yoyera imasanduka yachikasu.

Chaka cha 1985 chinabweretsanso mitundu iwiri yomwe ana ankaifera. Woyamba ndi Dinobots, zilombo zakale zija zotchedwa dinosaur: Grimlock, Slag, Sludge, Snarl ndi Swoop, zotuwa, zonyezimira golide m'khosi ndi m'mapazi. Izi zikuphwanya muyeso wanga uja, chifukwa palibe yemwe anganamizidwe kuti waona chilombo chenicheni, komabe Grimlock ndimamukhululukira. Ndi wolimba, ndipo momwe mchira umagawikira pakati n'kupindikira m'miyendo n'zosangalatsa. Wachiwiri ndi maloboti ophatikizana. Constructicons ndi makina 6 a zomangamanga obiriwira ndi apepo, monga katapila, kireni, lole yotaya mchenga ndi yosakaniza simenti. Aliyense payekha ndi loboti yaing'ono, koma onse pamodzi amapanga chimphona chotchedwa Devastator. Apa panali nzeru ya malonda: mwana akakhala ndi asanu sagona mpaka wachisanu ndi chimodzi atagulidwa. Kwa wosonkhanitsa ndi mutu waukulu, poti mutu wa chimphonacho, chifuwa, mikono ndi zibakera ndi tiziwalo tapadera tomwe tinagawidwa m'mapaketi osiyanasiyana. Mu 1986 anakonza njira: magulu a asanu asanu monga Aerialbots, Stunticons, Protectobots ndi Combaticons, pomwe wamkulu amakhala thunthu ndipo ang'ono anayi aliyense angathe kukhala mkono kapena mwendo, ngakhale wa gulu lina.

Kuyambira 1986 zinthu zinatembenuka. Zopangidwa kale za Takara zinali zitatha, ndiye anayamba kupanga zatsopano motsatira makatuni. Filimu ya chaka chimenecho inapha Optimus Prime ndi anzake angapo kuti mashelefu apeze malo a katundu watsopano, ndipo ana analira mpaka kampani inamuukitsa chaka chotsatira. Magalimoto enieni analowedwa m'malo ndi magalimoto am'tsogolo ongopeka, chitsulo ndi labala zinayamba kuchepa, pulasitiki n'kuchuluka. Mu 1987 kunabwera Headmasters, omwe mutu wake umazuka n'kukhala kamunthu koyendetsa galimotoyo, ndipo wamkulu wawo Fortress Maximus ndi wotalika pafupifupi masentimita 56. Mu 1988 kunabwera Pretenders, kaloboti kobisika m'chigoba cha munthu kapena chilombo. Mu 1989 Micromasters, tating'ono zedi. Ndipo mu 1990 Action Masters, omwe sankasandulika n'komwe. Chaka chomwecho malonda anaima ku America, ngakhale ku Ulaya anapitirira. Alipo anthu omwe anakulira pa zimenezi ndipo amazikonda ndi mtima wonse, sindikangana nawo. Headmasters ena ndi okoma ndithu. Koma kwa ine, galimoto ikakhala yoti palibe anaionapo pamsewu, kubisala kwa lobotiyo kwatha ntchito.

Musaganize kuti chilichonse chosandulika ndi Transformers. Pa kaunjika mudzakumana kwambiri ndi timaloboti ting'onoting'ono tolemera, tolembedwa Bandai kapena Popy pansi pake. Timeneti ndi Machine Robo ta ku Japan ta mu 1982, tomwe kampani ya Tonka inatigulitsa ku America kuyambira 1983 pa dzina loti GoBots, ndipo ku Ulaya tinkatchedwa Robo Machine. Tinafika pamsika Transformers isanafike, koma tinagonja, makamaka chifukwa nkhani yake ndi mayina ake zinali zozizira. Pamapeto pake Hasbro inagula Tonka mu 1991. Anthu amatinyoza, koma ine ndimatiteteza. N'tachitsulo chambiri, magalimoto ndi ndege zake n'zooneka zenizeni, tilibe tiziwalo tambiri totayika, ndipo kwa munthu wongoyamba kumene ndi tomwe angathe kutipeza tathunthu pamtengo wabwino. Odziwika kwambiri ndi Leader-1, ndege ya F-15, ndi mdani wake Cy-Kill, njinga yamoto.

Palinso Voltron, mikango isanu yachitsulo yomwe imaphatikizana: wakuda ndi thunthu, wofiira ndi wobiriwira ndi mikono, wabuluu ndi wachikasu ndi miyendo. Ku Japan inatuluka mu 1981 pa dzina loti GoLion. Iyi ndi ya mtundu wakale kwambiri wa zidole zolemera za Chogokin zomwe Popy inayamba kupanga mu 1974, ndipo mwa izo Raideen wa mu 1975, yemwe amapindika kukhala mbalame, amawerengedwa pakati pa maloboti oyambirira kusandulika. Zimenezi sizipezeka wamba.

Tsopano za kuzindikira chenicheni. Tembenuzani chidolecho muyang'ane chidindo chomwe chinaumbidwa mu pulasitiki kapena m'chitsulo, kawirikawiri pansi pa galimoto, kumsana kapena m'kati mwa mwendo. Muyenera kuona dzina la Takara, nthawi zambiri pamodzi ndi Hasbro, zaka, ndi dziko lomwe chinapangidwira, ndipo pa zoyambirira dzikolo ndi Japan. Musadabwe mukaona 1980 kapena 1982 pa chidole chomwe ndati ndi cha 1984. Chakacho ndi cha umwini wa kapangidwe, osati tsiku lomwe chinatuluka m'fakitale. Kenaka funani kasitika kakuda ka makona anayi. Mukakatikita ndi chala, kutentha kumaonetsa nkhope ya Autobot kapena Decepticon. Hasbro inayamba kuika kameneka mu 1985 pofuna kusiyanitsa katundu wake ndi wa okopera. Choncho ngati Ironhide wanu alibe kasitikako koma chidindo chili bwino, mwina ndi wa chaka choyamba chenicheni, kapena kanangomatuka.

Feki ilipo ya mitundu iwiri. Yakale ndi yosavuta: yopepuka, pulasitiki yonyezimira mopitirira, mitundu yachilendo, m'mphepete mokala, pamalo pa chidindo posalala. Yovuta ndi ya zaka za m'ma 2000 kupita m'tsogolo, yomwe imakopera chilichonse, chidindo, kasitika kotikita, mpaka bokosi. Imeneyi imagulitsidwa kwambiri pa intaneti, ndipo chizindikiro chake chachikulu ndi kukongola kopitirira muyeso: chidole cha zaka 40 chosakandika paliponse, m'bokosi la makona akuthwa, pamtengo wotsika. Pa kaunjika ngozi imeneyi ndi yochepa, poti kutha kwake kwa chidole ndi umboni: siliva wofufutika m'makona, masitika omatidwa mokhota ndi dzanja la mwana, dzimbiri pang'ono pa timisomali. Dziwaninso kuti Hasbro ndi Takara eni ake akhala akupanganso zidole zakalezi. Ku Ulaya anazibweretsanso cha m'ma 1990 m'mabokosi agolide, ndipo kuyambira m'ma 2000 zatulukanso kambirimbiri. Izi si feki, koma si zakale. Za Hasbro zina mungazidziwe chifukwa cha malamulo a chitetezo cha ana: mizinga anaitalikitsa kuti isamezedwe, ndipo mipope ya utsi ya Optimus Prime anaifupikitsa.

Za mtengo musamange nazo chiyembekezo. Ndalama zambiri zomwe mumamva zimaperekedwa pa zidole zomwe sizinatsegulidwepo m'bokosi, kapena zokwanira kachiwalo kalikonse pamodzi ndi mapepala ake. Chopanda zida, chothyoka pena, mtengo wake umagwa kwambiri, ndipo ogula ake ali kutali. Ironhide kuti akhale wathunthu afunika theka lakumbuyo la minibasi, lomwe limatseguka kukhala pokwera pake, pamodzi ndi timfuti take. Gulani chifukwa mwachikonda, ndipo pokambirana mtengo musaonetse mano onse.

Posamala, mdani wamkulu kwathu kuno ndi dzuwa ndi kutentha. Musaziike pa windo kapena pamwamba pa kabati pafupi ndi malata. Zoyera zimachita chikasu, zabuluu zimafiirira, matayala amauma n'kung'aluka. Fumbi lichotseni ndi mswachi wofewa wouma, ndipo pomwe pali litsiro lokakamira gwiritsani kansalu konyowa pang'ono ndi sopo wochepa, osakhudza masitika kapena siliva. Parafini, sipiriti ndi thina zisayandikire, zimadya penti ndi pulasitiki yomwe. Mfundo ikalimba musaikakamize. Yang'anani kaye ngati pali kena kofunika kusuntha poyamba, chifukwa zidolezi zili ndi ndondomeko yake, ndipo mapepala a malangizo a pafupifupi chilichonse anthu anawajambula n'kuwaika pa intaneti. Guluu wa supa pa mfundo ndiye ayi, amaumitsa chiwalo mpaka kalekale ndipo amasiya zoyera pa galasi. Chenjeraninso ndi zidole za kumapeto kwa m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1990 zomwe zili ndi pulasitiki yagolide ya mizeremizere m'kati mwake: imafumbutuka yokha ikakalamba, ndipo mankhwala ake palibe kupatula kusaigwiragwira. Tiziwalo tating'ono tisungeni m'kachitini kotseka, chilichonse m'kapepala kolembedwa dzina la mwini wake.

Poti mwatchula ana: zidolezi pulasitiki yake yakalamba, sizingapirire masewera omwe zinkapirira kale, ndipo timizinga ndi tizibakera mwana wamng'ono angatimeze. Mikango ina ya Voltron yopangidwa ku Taiwan inachotsedwa pamsika ku America mu 1986 chifukwa penti yake inali ndi mtovu, choncho chachitsulo chilichonse chakale chopakidwa penti chisalowe m'kamwa mwa mwana. Ngati anawo ndi okulirapo, akhazikeni pa mphasa muwaonetse kasandutsidwe kake pang'onopang'ono inu muli pomwepo. Zoti azigona nazo ndi kupita nazo panja muwagulire zamakono, zomwe zimapindika mawondo ndi zigongono kuposa zakalezi ndipo zikathyoka zina zilipo m'sitolo.